Moto wa agogo pa boila

Agogo anga aamuna sanathyolepo tiyi ngakhale tsamba limodzi. Iwo anali a pa boila pa fakitale ina kuno ku Thyolo, ndipo jekete yawo inkanunkha utsi wa bulugamu ngakhale Lamulungu m'tchalitchi.

Tiyi anafika mochedwa kuno. Ku Mulanje Henry Brown anadzala mu 1891, kuno ku Bandanga anayamba mu 1908, ndipo Maclean Kay anadzatsegula Satemwa mu 1923. Eni minda aja anaona msanga kuti tiyi sayenda popanda nkhalango pambali pake. Masamba aawisi olemera makilogalamu pafupifupi 5 amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Zotsalazo ndi madzi, ndipo amene amawathamangitsa ndi mphepo ndi moto. Bulugamu mumamuona m'mapiri a m'maesiteti uja sanadzalidwire mthunzi ayi.

Agogo sankadziwa kulemba, koma nkhuni ankaziwerengera kuposa kalaliki. Mendulo yaiwisi ankaibweza ngakhale kapitawo akalipe, chifukwa moto umayamba wataya mphamvu kuumitsa chikunicho usanawiritse madzi. Utsi ukada pa chumuni, ankati ndalama zikuuluka. Nthunzi ikamalira ngati njoka polumikizira mapaipi, sankagona. Paipi yosakutidwa ankaiyandikiza chikhatho n'kupukusa mutu, ndipo madzi obwerera kuchokera koumitsira tiyi ankafuna alowenso m'boila asanazizire. Tili ana tinkangoti ndi nkhalamba yovuta.

Ndinadzawamvetsa nditawerenga za ku Olkaria, pafupi ndi nyanja ya Naivasha ku Kenya. Kumeneko boila ndi nthaka yomwe: amakumba zitsime zakuya, nthunzi n'kutuluka yokha kukazunguza makina a magetsi. Makina oyamba anayamba mu 1981 ndi mamegawati 15. Nkhuni kulibe, koma nkhawa za mainjiniya ake ndi za agogo zomwe zija. Mchere wa m'madzi umaundana m'mapaipi mpaka njira kuchepa, kutentha kumathawira panjira, ndipo madzi ogwira kale ntchito amawabwezera pansi kuti chitsime chisafooke. Pa kutentha konse kotuluka m'nthaka, gawo laling'ono chabe ndilo limasanduka magetsi.

Ifenso akasupe otentha tili nawo, ku Chiweta m'boma la Rumphi ndi ku Mawira ku Nkhotakota. A ku Chiweta amayandikira madigiri 80. Ine ndimaona kuti madzi otere angathandize msanga kufotetsa masamba kapena kuumitsa mbewu kusiyana ndi kuyatsa mababu, koma Chiweta ili kumpoto kutali, tiyi wambiri ali kuno.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mafakitale anadalira majenereta a dizilo. Masiku amenewo ndinadutsa pa fakitale ya agogo ija m'mawa wina: thirakitala inali kutsitsa bulugamu, mnyamata wina akugogoda zikuni ziwiri kuti amve ngati zauma.