Munthu amene anateteza zinziri ndi moto

Ndili mwana kwathu ku Dedza, Okutobala unali mwezi wa mbewa. Tinkayatsa tchire masana, likapsa n'kumalondola mauna ndi makasu. Tsiku lina ndinapeza mazira awiri a lumbe ali pa phulusa, atachita kupserera. Lumbe samanga chisa, amangoikira pansi. Agogo nditawasonyeza sanandikalipire, anangofunsa kuti, "Kodi inu ana, mwezi uno ndi woyatsa moto?" Funsolo ndinalimvetsa patapita zaka, nditayamba kukonda kuyang'ana mbalame n'kuwerenga za munthu wina wa ku America, Herbert Stoddard.

Chakum'mwera kwa dzikolo, pakati pa Thomasville ku Georgia ndi Tallahassee ku Florida, anthu olemera anagula minda ikuluikulu kuti azisakamo zinziri za kumeneko zotchedwa bobwhite. Koma mbalamezo zinayamba kuchepa. Mu 1924 eni mindawo anasonkha ndalama za kafukufuku, ndipo ntchito inapatsidwa kwa Stoddard. Mkuluyu analibe digiri, ngakhale sekondale sanamalize. Mbalame anazidziwira kutchire komanso kumyuziyamu ku Milwaukee ndi Chicago komwe ankagwira ntchito.

Nthawi imeneyo akuluakulu a zankhalango ankalalikira kuti moto ndi mdani basi. Alimi osauka, ambiri a iwo akuda, omwe ankatentha tchire chaka ndi chaka, ankaonedwa ngati mbuli. Stoddard atalondola zisa ndi anapiye, anapeza kuti alimiwo ndi amene ankakhoza.

Nkhani yake ili apa. Mwanapiye wa zinziri akaswa amakhala kakang'ono ngati chala chamanthu. Amayenda pansi kufuna tizilombo, ndiye amasowa timipata pakati pa zitsa za udzu, pamwamba pali chomubisa kwa kabawi. Tchire likakhala zaka osapsa, udzu wakufa ndi masamba a paini zimaunjikana, zitsamba n'kutseka paliponse. Kamwanako kuyenda kumakanika, mbewu zakutchire zomwe makolo ake amadya nazo zimakwiririka. Choncho Stoddard ankatentha kumapeto kwa nyengo yozizira, mbalame zisanayambe kuikira, n'kumasiya zigawo zina zosapsa kuti zikhale pothawira.

Buku lake la zinzirizi linatuluka mu 1931, koma mutu wonena za moto anachita kuulemba kangapo chifukwa a zankhalango sankaufuna. Sanagonje. Mu 1958 iye ndi anzake anakhazikitsa malo a kafukufuku a Tall Timbers, ndipo mu 1962 kunachitikira msonkhano woyamba wokambirana za moto ndi chilengedwe. Lero bobwhite zachepa ndi pafupifupi 80 peresenti ku America kuyambira m'ma 1960, koma m'minda ija, momwe akutenthabe mwadongosolo, zikulirabe.

Musandimve molakwa abale, sindikunena kuti tengani machesi. Kwathu kuno nyengo ndi ina. Moto wa Meyi kapena Juni umayenda mofatsa chifukwa udzu umakhala usanaumitse, ndipo umasiya zilumba zosapsa. Wa Okutobala suona nkhope, umatenga udzu, timitengo, mazira, zonse. Ngakhale ku Ndola, m'dziko la Zambia, kafukufuku amene anayamba m'ma 1930 anasonyeza kuti moto wochedwawu ndi umene umapha mitengo. Agogo sanamvepo za Ndola kapena Stoddard, koma ankadziwa.

Chimene chimandiwawa n'choti ife kusukulu tinangophunzitsidwa kuti kutentha tchire n'koipa, osatiuza za nthawi kapena katenthedwe. Ndiye anthu amatenthabe, koma mobisa, mochedwa, popanda wodula njira yoti moto ulekezere.

Masiku ano zinziri tikuzidziwira m'khola ndi pa chiwaya. Ndikapita kumudzi ndimadzuka mbandakucha n'kukaima m'mphepete mwa dambo, kumvetsera ngati nkhwali ingalire. Masiku ena imalira, ena kumangoti zii. Mwezi wamawa ndikufuna ndikalankhule ndi amfumu za dambo limenelo, udzu usanaume.