Mbiri ya Kupima Mafupa a Makanda Ochitidwa Nkhanza

Popeza khanda lozunzidwa likhoza kumwalira popanda bala lililonse looneka pakhungu, madokotala opima mitembo anaphunzira pang'onopang'ono kufunafuna umboni m'mafupa, ngakhale kuti panatenga zaka pafupifupi 100 kuti akhulupirire zimene mafupawo ankasonyeza. Mu 1860, Ambroise Tardieu, dokotala wa ku Paris amene ankapima mitembo pothandiza makhoti, analemba za ana 32 ochitidwa nkhanza, 18 mwa iwo omwalira, koma madokotala anzake sanazilabadire. Mu 1946, John Caffey wa ku New York, katswiri wa zithunzi za X-ray za ana, anafotokoza za makanda 6 amene anali ndi magazi oundana pansi pa chigaza komanso mafupa othyoka a mikono ndi miyendo, koma sanafike ponena poyera kuti anavulazidwa ndi owalera. Mawu amenewa anamveka mwamphamvu mu 1962, pamene C. Henry Kempe wa ku Denver ndi anzake anasindikiza kafukufuku wawo wonena za ana omenyedwa.

Phunziro lalikulu linachokera m'chipinda chopimira mitembo, chifukwa m'menemo fupa limatha kuchotsedwa, kujambulidwa, kenako n'kuunikidwa pa maikulosikopu, chida chokulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Mwa njira imeneyi, Paul Kleinman wa ku Massachusetts ndi anzake anasonyeza mu 1986 kuti kachidutswa kooneka ngati kabenthuka kumapeto kwa fupa lalitali, pafupi ndi bondo kapena kakolo, kwenikweni ndi mng'alu wodutsa mopingasa m'gawo lanthete limene fupa limakulira, ndipo kuvulala kotere kumabwera mwendo ukakokedwa kapena kupotozedwa mwamphamvu. Nthiti nazonso zimathyoka chakumbuyo, pafupi ndi msana, munthu wamkulu akafinya chifuwa cha khanda ndi manja awiri. Fupa likamapola limamera mfundo pamalo othyokawo, ndipo mfundoyi imayamba kuoneka pa X-ray pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, motero mafupa othyoka amene akupola mosiyanasiyana amasonyeza kuti mwanayo anavulazidwa kangapo.

Komabe, fupa lothyoka palokha silokwanira kuti munthu aimbidwe mlandu, pakuti kusowa kwa vitamini D ndiponso matenda obadwa nawo otchedwa osteogenesis imperfecta amafooketsa mafupa, ndipo dokotala amene sanayambe wafufuza zimenezi akhoza kumangitsa kholo losalakwa.