Dr. Jack Wirima ndi Mbiri ya Mankhwala a Malungo m'Malawi

Mapiritsi oteteza ku malungo amene amayi oyembekezera amamwa pamaso pa anamwino kusikelo ya ku Kawale, Area 25 ndi Bwaila mumzinda wa Lilongwe ali ndi mbiri ya zaka zoposa 30, ndipo mbiriyi singalongosoledwe mokwanira popanda dzina la Dr. Jack Wirima, dokotala wa Chimalawi amene m'zaka za m'ma 1980 ankagwira ntchito pachipatala cha Kamuzu Central. Pa nthawiyo mankhwala amene dziko lonse linkadalira anali kolorokwini, yemwe anali wotsika mtengo ndipo ankapezeka ngakhale m'magolosale, koma madokotala anayamba kuona kuti ana amene amwa mankhwalawa ankabwereranso kuchipatala pakangopita masiku owerengeka thupi likutenthabe ndiponso magazi atachepa.

Chifukwa chake chinali chakuti tizirombo ta Plasmodium falciparum, timene timalowa m'magazi a munthu akalumidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa anofelesi, tinali titayamba kupirira mankhwalawo, kotero kuti sitinkafa ngakhale wodwala atamwa mlingo woyenera. Boma litakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi malungo m'chaka cha 1984, a Wirima ndi anzawo a mu Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi akatswiri a bungwe la CDC la ku America, anayamba kuyeza magazi a ana osakwana zaka zisanu pambuyo powapatsa kolorokwini, kuti nkhaniyi iweruzidwe ndi umboni wooneka osati zongoganizira.

Ntchito yaikulu koposa inachitikira ku Mangochi kuyambira 1987 mpaka 1990, kumene a Wirima, wofufuza mnzawo a Richard Steketee ndi ena anatsata amayi apakati oposa 4,000 mpaka kubereka. Anapeza kuti tizirombo timaunjikana mu nsengwa, chiwalo chimene mwana amalandirira chakudya ali m'mimba, ndipo izi zimachititsa kuti mwanayo abadwe wonyentchera, makamaka pa mimba yoyamba, ngakhale mayiyo asakudwala mooneka. Kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti mwa amayi amene anamwa kawiri mankhwala a SP, odziwika ndi dzina loti Fansidar, 9 okha pa 100 alionse ndiwo anapezeka ndi tizirombo mu nsengwa, pamene mwa omwa kolorokwini sabata iliyonse anali 32.

M'chaka cha 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini ndi kuika SP m'malo mwake, komanso kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera azilandira SP kusikelo kaya akudwala kaya ayi, njira imene bungwe la WHO linadzailimbikitsa m'maiko ena pambuyo pake. Chigamulochi chinafuna kulimba mtima, popeza maiko oyandikana nafe anapitiriza kugwiritsa ntchito kolorokwini kwa zaka zambiri ndithu. Pamene SP nayenso anayamba kuchepa mphamvu pochiza odwala, boma linatsata njira yomweyo yoyamba layeza, ndipo mu 2007 linabweretsa mankhwala a LA, amene akuperekedwa mpaka lero, pamene SP anatsala wa amayi apakati.

Mwambo wodalira kafukufuku unazika mizu mu Lilongwe momwe. Kuyambira 2009 bungwe la UNC Project linayesa katemera wa malungo wa RTS,S pa ana a mumzindawu pachipatala cha Area 18, monga amodzi mwa malo 11 a m'maiko 7 a mu Africa, ndipo pa 23 Epulo 2019, ku Mitundu, Malawi anatsogola pa dziko lonse kupereka katemerayu kusikelo ya ana, WHO isanamuvomereze mu 2021. Katemerayu asanayambe kuperekedwa kusikelo, masikito onyikidwa m'mankhwala ndi zipangizo zoyezera magazi mwachangu zinathandiza kuti ana opezeka ndi tizirombo atsike kuchoka pa 43 pa 100 alionse mu 2010 kufika pa 24 mu 2017.

Komabe m'madera othithikana monga Mgona, Chinsapo, Biwi ndi Area 23, kumene madzi amvula amadikha m'maenje oumbira njerwa ndi m'madimba a m'mbali mwa mitsinje, udzudzu ukuswanabe dzinja lililonse, ndipo mankhwala ogula pahokala osamaliza mlingo amapatsa tizirombo mpata wolimba. Popeza ku Rwanda, Uganda ndi Tanzania kwapezeka kale tizirombo timene tayamba kupirira artemisinin, mankhwala amene ndi msana wa LA, cholinga cha boma chothetsa malungo pofika 2030 chikudalira kuti dziko lipitirize kuphunzitsa ndi kulipira ofufuza ake, kuti tsiku limene LA adzayambe kufooka lidzadziwike msanga, ana asanayambe kufa.