Phula ndi Maphunziro a Udokotala wa Mano

Tsitsi likametedwa limaphukanso, ndipo chikhadabo chikawengedwa chimakulanso, koma dzino la munthu wamkulu likasemedwa molakwika silibwerera mwakale. Pa chifukwa ichi, aphunzitsi a udokotala wa mano adafunafuna chinthu choti ophunzira azilakwitsirapo asadakhudze pakamwa pa wodwala. Chimodzi mwa zinthu zomwe adapeza ndi phula.

Phula lidayamba kalekale kuthandiza pa ntchito ya mano. M'chaka cha 1756, Philipp Pfaff, dokotala wa mano wa mfumu Frederick ya ku Prussia, adalemba za njira yodinda mano pa phula lofewa. Phulalo linkasanduka chikombole chothiramo pulasitala. Pulasitalayo akauma, dokotala ankakhala ndi chifanizo cha mano oti awakonze ngakhale mwini manowo atapita kwawo.

Nthawi imeneyo anthu ambiri ankaphunzira ntchitoyi poonerera amisiri anzawo. Zinthu zidasintha pomwe sukulu yoyamba ya udokotala wa mano idatsegulidwa mumzinda wa Baltimore ku America mu 1840. Maphunziro adayamba kukhala ndi dongosolo, ndipo mu 1890 G. V. Black adasindikiza buku lofotokoza maonekedwe a dzino lililonse. Komabe kuwerenga kokha sikukadaphunzitsa manja.

Kufunika kwa phula kudakula kwambiri mu 1907, pamene William Taggart wa ku Chicago adaonetsa njira yopangira zigamba zagolide zomata mano obooka. Dokotala ankaumba chigamba chaphula, nachikuta ndi pulasitala wopirira moto, kenaka n'kuchitentha. Phula likasungunuka, m'malo mwake munkalowa golide wamadzi. Amisiri a ku Benin, m'dziko la Nigeria, ankaumba zifanizo zamkuwa m'njira yomweyi zaka mazana angapo m'mbuyomo. Tsono golide amatsata phula: cholakwika chilichonse cha paphula chimaonekanso pachigamba. Choncho dokotala wosadziwa kusema phula sakadakonza dzino bwino.

Kuchokera apo, kusema mano kudazika mizu m'sukulu zambiri, ndipo mabuku a Russell Wheeler adathandiza kufalitsa lusoli. Wophunzira amapatsidwa kachidutswa ka phula, kampeni ndi miyeso ya dzino. Amalemba mizere, nayamba kupala pang'onopang'ono mpaka timapiri ndi tizigwa ta dzino lotafunira titaoneka. Apa m'pomwe amazindikira kuti kaphiri kakatalika pang'ono chabe, mano a m'mwamba ndi a m'munsi sakumana bwino, ndipo wodwala amamva ululu potafuna. Akalakwitsa amadonthezapo phula lina n'kuyambiranso, popanda wovulala. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1985, ku Zurich, madokotala adayamba kugwiritsa ntchito makina osema zigamba za mano motsogozedwa ndi kompyuta. Kuyambira pamenepo akatswiri ena akhala akunena kuti kusema phula kumangodya nthawi ya ophunzira. Anzawo amatsutsa, ponena kuti chigamba chochokera m'makina chimafunikabe diso lodziwa dzino labwino ndi dzanja lotha kuchiwongola. Mtsutsowu ukadalipo, koma sukulu zambiri sizidataye phula. Zimafuna kuti wophunzira amalize zolakwa zake zoyamba pa chinthu chosamva ululu, asadafike pa dzino la munthu.