Kamera M'malo mwa Mfuti

Kalekale ku Ulaya, munthu wofuna kuphunzira za mbalame ankayamba waipha. Akaiwombera ankaisenda, nafutika thonje m'chikopa chake, kenaka n'kuijambula pamanja. Mazira nawonso ankatoledwa m'zisa kuti akasungidwe m'makabati. Motero nzeru za mbalame zinkakula, koma mbalamezo zikutha. Ena mwa anthu amene anasintha mchitidwe umenewu anali anyamata aŵiri apachibale, Richard ndi Cherry Kearton.

Aŵiriŵa anabadwira m'mudzi wa Thwaite, m'chigawo cha Yorkshire ku England. Richard m'chaka cha 1862, ndipo Cherry mu 1871. Atakula, onse anakagwira ntchito ku kampani yosindikiza mabuku ya Cassell mumzinda wa London. M'chaka cha 1892 Cherry anajambula ndi kamera chisa cha mbalame yotchedwa song thrush, mazira ali momwemo. Richard ataona chithunzicho, anaganiza zolemba buku lokhala ndi zithunzi zoterozo zokhazokha. Bukulo, British Birds' Nests, linatuluka mu 1895.

Ntchitoyi sinali yamaseŵera. Kamera za masiku amenewo zinali zimabokosi zolemera zoimikidwa pa miyendo itatu, ndipo chithunzi chinkagwidwa pa galasi lopakidwa mankhwala. Galasilo linkafuna kuŵala kokwanira. Kuŵala kukachepa, kachitseko ka kamera kankayenera kukhala kotsekuka nthaŵi yotalikirapo, ndipo mbalame ikangotembenuza mutu, chithunzi chinkatuluka chambuu. Choncho wojambula ankadalira dzuŵa monga mlimi adalira mvula. Dzuŵa likakhala kutsogolo kwa kamera, mbalame inkaoneka ngati chithunzithunzi chakuda. Likakhala paliwombo, mithunzi ya masamba inkagwera pa nthenga n'kubisa maŵanga ake. Kuŵala kothandiza kunali kochokera kumbuyo kapena chakumbali kwa wojambula, kapenanso kodutsa m'mitambo yopyapyala, kumene kumafeŵetsa mithunzi.

Vuto lina linali lakuti kamerazo sizinkaona patali. Wojambula ankayenera kufika pafupi kwambiri, komabe mbalame isamuone. Chisa chikakhala m'mwamba, Cherry ankaima pamapeŵa pa mkulu wake. Chikakhala kuphedi kwa thanthwe la m'mbali mwa nyanja, ankatsikirako pa chingwe. Mu 1900 anapangitsa ng'ombe yabodza ya chikopa chenicheni, yamphako m'kati, yokhala ndi kabowo ka kamera pachifuŵa. Tsiku lina amene anabisalamo anachita chizungulire atapindika msana kwa nthaŵi yaitali, ndipo ng'ombeyo inagwa chagada, miyendo m'mwamba. Mbale wake atafika, anayamba waijambula asanamtulutse! Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Abaleŵa ankadikira zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi, kuti mbalame itere ndiponso kuti kuŵala kukhale bwino.

Posakhalitsa luso limeneli linafalikira kumaiko ena, ndipo linayamba kupulumutsa mbalame. M'zaka zimenezo akazi olemera a ku Ulaya ankakongoletsa zipeŵa zawo ndi nthenga za akakoŵa. Nthenga zokongolazo zimamera nyengo yoswana, choncho alenje ankawombera makolo pa zisa pomwepo. Mu 1906 Arthur Mattingley wa ku Australia anafika pamalo oswanirana akakoŵa kufupi ndi mtsinje wa Murray, alenje atadutsapo kale. Iye anajambula tiana ta mbalame tikufa ndi njala m'zisa. Bungwe loteteza mbalame la RSPB linaonetsa zithunzizo poyera ku London, ndipo anthu amene sankamva mawu anamva ndi maso. Pambuyo pa mkangano wa zaka zambiri, mu 1921 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo loletsa kuitanitsa nthenga zotere kuchokera kunja.

Richard anamwalira mu 1928, ndipo Cherry mu 1940. Lero kamera n'zopepuka, zimaona patali, ndipo zimajambula ngakhale chisisira chitagwa. Komabe wojambula mbalame wanzeru amalaŵirirabe mbandakucha kukadikira dzuŵa lam'maŵa, amakhala chete pobisala, ndipo akamabwerera kwawo amasiya mbalame ili yamoyo pa chisa chake.