Anapita kukakhala masiku 8, anakhala 286

Anzanga a ku Senga Bay, Nkhotakota, Msaka ndi inu amene muli ku Joni, iyi ndi yayitaliko, khalani pansi.

Kuno ku Chinsapo komwe ndikukhala kwa amalume miyezi ino, ndikukonzako majenereta ndi njinga za kabaza, nkhani ya anthu awiri a ku America aja imanenedwa mosiyanasiyana. Wina akuti anasiyidwa kumwezi. Wina akuti anafa kalekale, zomwe timaona pafoni n'zopanga. Zonsezi n'zabodza. Ine ndinaitsatira bwino, chifukwa mutu wake ndi womwe timakanganirana pagombe chaka chilichonse: injini ikutsokomola, sitikudziwa chomwe chavuta, tiyende kapena tidikire?

Anthuwo ndi bambo Butch Wilmore ndi mayi Suni Williams, onse anali oyendetsa ndege m'gulu la asilikali apamadzi a ku America. Ananyamuka ku Cape Canaveral pa 5 Juni 2024 m'chombo chatsopano cha kampani ya Boeing chotchedwa Starliner. Kanali koyamba chombocho kunyamula anthu, ndiye ulendowo unali woyesa, monga timachitira boti likangotsika m'madzi. Sankapita kumwezi. Ankapita ku siteshoni ya ISS, nyumba yaikulu yomwe imazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi. Imatha kuzungulira kamodzi pa mphindi 90 zokha, moti okhalamo amaona dzuwa likutuluka ka 16 patsiku. Anayenera kukhalako masiku 8 basi.

Starliner ili ndi timainjini ting'onoting'ono 28 tomwe timakhotetsa chombo, tinene kuti ndiye chiwongolero chake. Akuyandikira siteshoni pa 6 Juni, tisanu tinazima. Wilmore anayendetsa ndi manja kwa kanthawi, apansi akuzimitsa ndi kuyatsanso timainjinito mpaka tinayi tinadzuka, n'kukocheza. Komanso mpweya wa helium, womwe umakankha mafuta kupita kumainjini, unkadontha malo asanu.

Apa ndi pomwe makaniko aliyense amvetse. Yamaha 40 ikavuta timaitsitsa, kuiika pamchenga, kutsegula kabureta, kuona pulagi, kuona ngati impela yatha. Timagwira chovutacho ndi manja. Iwo sakanatha. Timainjinito tili kunja, pa chigawo cha chombo chomwe pobwerera chimatayidwa n'kupsera m'mlengalenga, palibe amene adzachione. Ndiye anatenga injini yofanana nayo n'kuiyesa pansi ku White Sands, ku New Mexico. Anapeza kuti ikatentha kwambiri, kapulasitiki ka Teflon komwe kali mu valavu kamatupa n'kutchinga njira ya mafuta. Kakazizira kamabwerera. Koma palibe amene akanalumbira kuti pobwerera, nthawi yomwe chombo chiyenera kuloza bwinobwino chisanalowe mumpweya wa dziko, katupa mpaka pati.

A Boeing ankati chombo chili bwino, anthu akwere. Musadabwe. Mu 2014 bungwe la NASA linawapatsa kontirakiti ya madola 4.2 biliyoni, pomwe SpaceX inapatsidwa 2.6 biliyoni, koma SpaceX inayamba kunyamula anthu mu 2020 iwo akadavutika. Manyazi analipo, ndalama zinalipo. Mawu amenewa ife timawadziwa. Ndi a mwini boti usipa ukagwa ku Mbenji: "Amisiri, ingomangani, ikafika imeneyi." Ndipo nthawi zambiri imafikadi, n'chifukwa chake makaniko wokana amaoneka wamantha.

Pa 24 Ogasiti 2024 mkulu wa NASA, Bill Nelson, analengeza kuti Starliner ibwerera yopanda munthu.

Chinawaopsa a NASA ndi maliro awo akale. Pa 28 Januwale 1986 chombo cha Challenger chinaphulika patangotha masekondi 73 chinyamukireni, anthu 7 anafa. Chinayambitsa ndi O-ring, inde, raba yozungulira yomwe ija, yomwe inauma ndi kuzizira. Mainjiniya ena, kuphatikizapo Roger Boisjoly, anachenjeza usiku woti mawa lake ulendo, koma mabwana anati tiyeni. Pa 1 Febuluwale 2003 Columbia inasweka ikubwerera, anthu enanso 7. Ponyamuka chidutswa cha siponji yokutira thanki chinamenya phiko lamanzere, akuluakulu anachiona pakanema n'kunena kuti zimachitika, sizinapheko munthu. Ifenso tili ndi yathu: sitima ya Vipya, yatsopanotsopano, inamira chakumpoto kwa nyanja pa 30 Julayi 1946 kutawomba chimphepo, anthu 145 anapita. Utsopano wa chombo sunawathandize.

Njira ya kudikira chombo china si yachilendo, anayamba ndi a ku Soviet Union. Mu Febuluwale 1979 Vladimir Lyakhov ndi Valery Ryumin anapita ku siteshoni ya Salyut 6. Mu Epulo anzawo awiri ankabwera kudzawaona pa Soyuz 33, injini yaikulu inavuta, anabwerera osakocheza. Tsono chombo cha Lyakhov ndi Ryumin chinali ndi injini ya mtundu womwewo, komanso chinali kukalamba pamalopo. Akuluakulu anakonza injiniyo pansi, n'kutumiza Soyuz 34 yopanda munthu kuti ikawatenge. Anatsika mu Ogasiti atakhala masiku 175, panthawiyo panalibe anakhalako choncho.

Posachedwapa zinachitikanso. Frank Rubio wa ku America ndi anzake a ku Russia, Sergey Prokopyev ndi Dmitri Petelin, anakwera pa 21 Seputembala 2022 kukakhala miyezi 6. Mu Disembala radiyeta ya chombo chawo, Soyuz MS-22, inabowoka, madzi oziziritsa onse anathawa. A ku Russia anati kanali kamwala kakang'ono ka m'mlengalenga, bowo lake losakwana milimita imodzi. Inu amene munaonapo injini ikuyenda kumbuyo kusakutuluka madzi mukudziwa zotsatira zake. Anatumiza chombo china chopanda anthu, atatuwo n'kutsika pa 27 Seputembala 2023 atakhala masiku 371.

Koma amene amandimvetsa chisoni ndi Sergei Krikalev. Iyeyu chombo chake sichinavute, chinavuta ndi dziko. Anakwera kupita ku siteshoni ya Mir mu Meyi 1991 ali nzika ya Soviet Union. Ndalama zitachepa, maulendo awiri anaphatikizidwa kukhala umodzi, womulowa m'malo sanapeze mpando. Mu Disembala dziko lake linatheratu. Pomwe ankatsika pa 25 Malichi 1992, atakhala masiku 311, mzinda wakwawo wa Leningrad unali utasintha dzina kukhala St Petersburg, ndipo malo omwe anatera, Kazakhstan, anali dziko la eni. Anzathu a ku Likoma ndi Chizumulu amene anadikirapo Ilala ili pa dokowe ku Monkey Bay amadziwako pang'ono kukoma kwake.

Tibwerere kwa awiri aja. Starliner inachoka pa siteshoni pa 6 Seputembala 2024 n'kutera bwinobwino ku White Sands. Apa ena anati, mwaona, akanakwera akanafika. Ine ndikukana. Panjira kainjini kena kanakananso kuyaka. Ndipo ngakhale pakanapanda chovuta, boti lodontha likafika kamodzi sindiye kuti bowo latsekeka. Columbia isanasweke, siponji inali itathothokapo maulendo ambiri, onse n'kufika.

Pa 28 Seputembala chombo cha SpaceX chotchedwa Dragon chinanyamuka ndi anthu awiri okha, Nick Hague ndi Aleksandr Gorbunov, mipando iwiri yopanda munthu. Amayi awiri amene anakonzekera ulendowo, Zena Cardman ndi Stephanie Wilson, anatsitsidwa kuti malo apezeke, ndipo za iwowa anthu sakamba. Kuyambira pamenepo boti lobwererera linali lomangidwa pakhomo. Akanafuna akanatsika msanga, koma siteshoni ikanatsala ndi anthu ochepa, ndiye Wilmore ndi Williams anangolowa m'gulu la ogwira ntchito. Williams anakhala mtsogoleri wa siteshoni yonse. Mu Januwale 2025 anatuluka kunja kawiri kukakonza zinthu, n'kukwanitsa maola 62 a ntchito yakunja pamoyo wake, kuposa mayi wina aliyense. Chakudya chinkabwera pa zombo zakatundu. Madzi amasefa omwewo, thukuta ndi mkodzo zomwe, n'kumwanso. Musanyansidwe, alipo mwa inu amamwa a pagombe pomwe anthu akuchapa.

Anagwera m'nyanja kufupi ndi Tallahassee, ku Florida, pa 18 Malichi 2025, atakhala masiku 286. Bamboyo anali ndi zaka 62, mayiyo 59. Anawatulutsa n'kuwaika pamachira, chifukwa kumwambako thupi sililemera, minofu imafooka, mafupa amachepa mphamvu ngakhale amachita masewera olimbitsa thupi maola awiri tsiku lililonse. Pamafunika milungu ingapo kuti munthu ayendenso bwino.

Ena akufunsa kuti analemera bwanji ndi ovataimu. Palibe. Anali ogwira ntchito m'boma, ankalandira malipiro awo a nthawi zonse, kuwonjezapo kalawansi ka madola 5 patsiku, konse pamodzi madola 1,430. Komabe malipirowo ankalowa mwezi uliwonse akudikira. Kwathu boti likakhala pamchenga sabata ikudikira sipeya wochokera kuno ku Lilongwe, alovi salandira kanthu, siginala salandira kanthu, ana kunyumba akufuna ufa. Moti tsiku lomwe makaniko wanena kuti injini isayende, oyamba kumukwiyira si mwini boti, ndi anyamata omwewo amene akanakwera.