Kuiwalaiwala

Kuiwalaiwala ndi mneni wochokera ku "kuiwala". Tsinde likabwerezedwa chonchi, monga mu "kuyendayenda", limasonyeza chinthu chochitika kawirikawiri. Munthu amene waiwala pomwe anaika makiyi, n'kukumbukira pambuyo pake, wangoiwala basi. Koma agogo akamafunsa funso lomwelo kasanu, akamasochera panjira ya kumunda imene akhala akuyenda kuyambira kale, kapena akamalephera kuzindikira mdzukulu wawo, apo ndiye kuiwalaiwala.

Vutoli likafika polepheretsa munthu ntchito za tsiku ndi tsiku, madokotala amalitcha dementia, mawu ochokera ku Chilatini otanthauza kuchoka kwa nzeru. Gwero lake lofala kwambiri ndi matenda a Alzheimer, amene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza mu 1906.

Pofuna kutsimikiza, dokotala amafunsa achibale mmene vutolo linayambira. Wodwala amauzidwa mawu angapo oti awatchulenso pakapita mphindi zochepa, mwinanso amamujambulitsa wotchi. Magazi amayezedwanso, poti chindoko, HIV, kuchepa kwa vitamini B12 ndi vuto la chithokomiro nazonso zimasokoneza kukumbukira, ndipo zili ndi mankhwala.

Nkhalamba yotere ikudwala ubongo, si mfiti.